Bulangete la Maola Khumi ndi Atatu

Cholakwacho chinachitikira patebulo la pabalaza, kutatsala masiku atatu kuti ulendo uyambe, ndipo wolakwitsayo anali munthu amene ankalumbira kuti sanaphonyepo nthawi chibadwire.

A Kalaliki anagwira ntchito padepoti ya mabasi zaka makumi atatu, kulemba pabolodi nthawi yonyamuka ndi nthawi yofika. Anapuma ntchito kalekale koma dzinalo linawakanirira, pensulo nayonso sinachoke pakhutu. Tsiku limenelo anayala tikiti ya ndege patebulo, kuisalaza ndi chikhatho, n'kukankhira magalasi m'mwamba.

"Kunyamuka seveni koloko m'mawa, kufika eyiti koloko madzulo," anawerenga mokweza. "Amayi, apa palibe chodya mutu. Maola khumi ndi atatu, ndendende."

"Mwaonetsetsa?" anafunsa akazi awo, maso ali pa zimene ankaluka.

"Mukufunsa ine? Ineyo?"

Akazi awowo msewu wonse unkawatcha Mayi Ulusi. Panalibe khanda lobadwa m'deralo limene silinavalepo tisokosi kapena kachipewa kotuluka m'manja mwawo. Koma mwana wawo weniweni, mmodzi yekhayo, amene tsopano anali namwino pachipatala china kutsidya kwa nyanja, anakula akuvala zotsala: juzi limene eni ake sanabwere kudzatenga, chipewa cholukidwira mutu wa mwana wina, mikono ina yofika m'mawondo. Miyezi iwiri yapitayo Namwinoyo anabereka mwana wamwamuna. Amayi ake atamuuza pafoni kuti akulukira mdzukulu bulangete, iye anaseka.

"Amayi, musadzivutitse. Ndikudziwa kale, mudzabwera ndi chimene eni ake anaiwala."

Ananena moseka, inde, koma Mayi Ulusi zinawalasa mumtima chifukwa zinali zoona. Analonjeza pafoni pomwepo kuti adzatsika m'ndege ndi bulangete lathunthu, loyambira mwanayo, lomalizira mwanayo, la tizigamba makumi anayi ndi tisanu ndi titatu, tachikasu ndi totuwa. Anayamba bwinobwino. Kenako kunazizira, ndipo azimayi anayamba kugogoda pakhomo ndi nkhope zachisoni, uyu juzi la mwana wa sukulu, uyu masokosi a khanda lobadwa masiku osakwana. Abale inu, munthu wosadziwa kukana ndi wovuta! Pofika tsiku la tikitilo n'kuti theka la bulangete lokha litatha, ndipo panali majuzi awiri a eni oti aperekedwe asananyamuke.

"Kwatsala tizigamba makumi awiri ndi tinayi," anatero. "Kamodzi ndimamaliza mu theka la ola."

Pensulo inatsika pakhutu. "Maola khumi ndi awiri. Ola lotsalalo mulumikize. Zakwana ngati zochita kuyeza. Malizani majuzi a eniwo mtima uli m'malo, bulangete mukalukira m'mwamba."

Anakwera ndege m'mawa kuli mbee, onse awiri kwa nthawi yoyamba. Mayi Ulusi anakhala pakati, chikwama cha ulusi pamiyendo, singano yolukira ya pulasitiki m'manja ndipo ina yapadera ili m'thumba. Sizasi anasiya kunyumba chifukwa Namwino anawachenjeza kuti akawalanda pachipata. A Kalaliki anatenga mpando wa pawindo, ati kuti aone ngati woyendetsa akuidziwa njira. Mbali ya kanjira kunakhala chibambo chandevu, mapewa ake osefukira mumpando, chimene chinangoti moni n'kutseka maso.

Ndege itathamanga n'kudzuka, Mayi Ulusi anagwira mkono wa amuna awo mpaka kusiya zikhadabo, koma itangokhazikika anamasula ulusi n'kuyamba ntchito. Kachigamba koyamba kanatha, kachiwiri kali pakati. Anali akung'ung'udza kanyimbo, mtima uli myaa.

A Kalaliki n'kuti atapeza chidole. Kumsana kwa mpando wa kutsogolo kwawo kunali kagalasi koonetsa mapu, kandege kakang'ono kakukwawa pamwamba pake, ndi manambala m'munsi. Munthu wa manambala sangaone manambala osawerenga. Anayandikitsa mphuno, anapukuta magalasi, anayandikitsanso.

"Chinthuchi n'chakufa," anatero.

"Chatani?"

"Chikuti kwatsala maola asanu ndi atatu. Tayenda ola limodzi lokha. Payenera kutsala khumi ndi awiri." Anachigogoda ndi pensulo. Anasuzumira cha kumpando wa akazi awo, nacho chinkanena zomwezo. "Zonse n'zakufa. Kudepoti kwathu zoterezi munthu ankachotsedwa nazo ntchito."

Anakweza dzanja kuitana mtsikana wothandiza anthu m'ndege, koma asanafike, Wandevu uja anatsekula diso limodzi.

"Sichakufa, achikulire. Ulendowu ndi wa maola asanu ndi anayi."

"Pepani bambo," anatero a Kalaliki mwaulemu wonyoza, akutulutsa tikiti m'thumba la jekete. "Seveni m'mawa. Eyiti madzulo. Kapena kusukulu kwanu ankachotsera mwamtundu wina?"

Wandevu anaseka mpaka mpando kugwedezeka. Anati iye amagwira ntchito m'sitima zapamadzi zonyamula katundu, ndipo njira imeneyi waiyenda kosawerengeka. "Kumene tikupitaku dzuwa limatuluka msanga kuposa kwanu. Wotchi yawo ili patsogolo ndi maola anayi. Seveni yapatikitiyo ndi ya wotchi yanu, eyitiyo ndi ya wotchi yawo. Pamene iwo azidzati eyiti koloko madzulo, yanuyo idzakhala ikuti folo koloko."

"Tikiti imodzi, mawotchi awiri? Ndani amalemba choncho?"

"Ngati simukundikhulupirira, gawani nokha. Mtunda wonse ndi uwo, makilomita 7,600. Liwiro ndi ilo, 850 pa ola."

A Kalaliki anasolola kathumba kapepala kosanziramo, kukasalaza pakatebulo, n'kuyamba kugawa. Anagawa kamodzi. Anagawanso kuchokera pansi. Pensulo inaima yokha.

"Asanu ndi anayi," ananong'ona. "Basi ikanayenda masiku anayi osaima, osatsitsa munthu." Anavula magalasi. Nkhope inagwa ngati ya mwana wogwidwa akunyambita shuga.

Zala za Mayi Ulusi zinaima, ulusi uli lende. Maola anayi angosowa m'mwamba muno, opanda wowaba, opanda kokadandaula, ndipo maola anayi ndi tizigamba tisanu ndi titatu. Anaona nkhope ya mwana wawo pabwalo la ndege, akuseka kuseka kuja kwa pafoni, kuseka kwa munthu amene anazolowera. Anachita mantha enieni, oposa aja a ponyamuka.

"Abambo," anatero pansipansi, "ndinakufunsani kuti mwaonetsetsa."

"Munandifunsa."

"Munati chiyani?"

"Ndinati ineyo."

"Ndiye inuyo mukamuuze mwana wanu. Mukamuuze kuti amayi ake alukira msewu wonse, iye amubweretsera theka. Kalanga ine, ndikaponya kuti maso?" Misozi inalengeza, koma analibe nthawi yolira. Anaipukuta ndi phewa n'kubaya singano.

Wandevu anafunsa kuti vuto n'chiyani, ndipo a Kalaliki anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za majuzi a mikono yaitali. Chibambocho chinatola kachigamba kamodzi ndi zala zonga nthochi, kukatembenuza uku ndi uku.

"Kuluka sinditha," chinatero, "koma ndinakulira pa maukonde, ndipo m'sitima chingwe chikaduka amaitana ine. Muli ndi singano ina? Ndionetseni kamodzi, kulumikiza kusiyireni ine."

Mayi Ulusi anayang'ana zalazo, anayang'ana tizigamba tawo tosalala. Tsiku lina lililonse akanakana. Anatulutsa singano yapadera ija, kumuonetsa kawiri, ndipo kachitatu Wandevu anali akupita yekha, lilime lili panja. Mfundo zake zinali zolimba moti bulangetelo likanatha kumangira sitima padoko, koma zinali zowongoka.

"Musakoke kwambiri, akufunda ndi mwana, osati injini," anamudzudzula.

"Chabwino, akapitawo."

A Kalaliki nawo anadzuka kwa akufa. Anatembenuza kathumba kaja, kujambula mizere, n'kulemba ndandanda: kachigamba kachitatu kunyamuka nthawi yakuti, kufika nthawi yakuti, mpaka kotsiriza. Anavula wotchi n'kuigoneka pakatebulo. Mpira wa ulusi anaugwira okha, kumasulira akazi awo kuti usakodwe.

"Nambala faifi yafika mochedwa ndi mphindi ziwiri," ankalengeza. "Nambala sikisi inyamuke!"

"Mukandilankhulanso ngati kondakitala ndikubayani ndi singanoyi."

"Ndi ya pulasitiki."

"Muyese muone."

Chakudya chitabwera, Mayi Ulusi anapukusa mutu. Mtsikana wa m'ndege anaumirira kuti ulendo ndi wautali, munthu sangakhale ndi njala. Mapeto ake a Kalaliki anatsekula kambale, kutapa ndi supuni, n'kuyamba kuwadyetsa akazi awo pakamwa, dzanja lina lili pansi pa chibwano kuti msuzi usadonthere bulangete. Zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati, chinthu chotere chinali chisanachitikepo. Mtsikanayo anabisa kuseka kuseri kwa thireyi, ndipo pobwerera anali atauza anzake onse.

Nkhani siichedwa m'ndege, anthu alibe kothawira. Posakhalitsa mayi wa mpando wakumbuyo anasuzumira kufunsa kuti kwatsala tingati. Mkulu wina wa suti, popita kukataya madzi, anaima n'kunena kuti akazi ake amaluka mofulumira kuposa pamenepo. Mayi Ulusi anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo pobwerera mkuluyo anadzera kanjira ka mbali inayo. Kachigamba kakatha, iwo ankadula ulusi ndi mano n'kuponyera Wandevu, a Kalaliki n'kukhwatcha mzere, ndipo mipando yozungulira inkaomba m'manja.

Zala zinkachita kuuluka. Theka la ola linatsika kufika mphindi makumi awiri ndi zisanu, kenako makumi awiri ndi ziwiri. Khosi linauma, chala chamkombaphala chinafiira psuu pamene ulusi unkadutsa. Ali pakati pa nyanja ndege inayamba kudumphadumpha, nyali ya malamba inayaka, mpira wa ulusi unapulumuka m'manja mwa a Kalaliki n'kugubuduka pansi pa mipando. Unabwerera patapita mphindi khumi, ukudutsa m'manja mwa anthu mizere isanu, aliyense akukulunga pang'ono. Choipa kwambiri, m'kugwedezekamo Mayi Ulusi analumpha maso awiri a ulusi pa kachigamba kakhumi ndi kasanu, ndipo anazindikira katatsala pang'ono kutha.

"Siyani choncho, ndani angaone?" anachonderera a Kalaliki. "Ndandanda yafa kale."

"Ndiona ine." Anamasula kachigamba konse mpaka poyambira. A Kalaliki anagwira mutu ndi manja awiri.

Wotchi yapakatebulo ikuti firii koloko masana, kunja kwa windo kunayamba kufiira, kenako kuda. A Kalaliki anayang'ana wotchi, anayang'ana kunja, anayang'ana Wandevu.

"Ndiye zoona dzuwa likulowa firii koloko?"

"Tikulithawa, achikulire. Ilo likupita uko, ife tikupita uku."

"Ha! Dziko ili lilibe dongosolo."

Kandege ka pagalasi kanali katafika m'mphepete mwa mtunda, makilomita akutsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Mawu a woyendetsa anamveka, kuti onse amange malamba ndi kupinda timatebulo. Mtsikana uja anabwera, anaona singano. Anangoti aigwirire pansi, ndipo anapitirira akuyang'ana kudenga.

Matayala atagunda pansi, a Kalaliki anawerenga mizere yokhwatcha. Makumi awiri ndi iwiri. Kunatsala tiwiri.

Wandevu analumikiza komaliza anthu akutsitsa kale zikwama. Anabweza singano ndi manja awiri. Anali ndi ndege ina yoti akwere, yopita kudoko kumene sitima yake inkadikira, choncho anatsanzikana pamphambano ya makonde. "Mukamuuze mdzukuluyo kuti mfundozo sizidzamasuka mpaka adzakwatire," anatero, n'kusowa m'gulu la anthu.

Pamzere wodinditsa mapasipoti Mayi Ulusi ankaluka ataimirira, bulangete lili paphewa, a Kalaliki akukankha zikwama ndi phazi. Kamodzi kanathera pomwepo, ndipo anakalumikiza okha. Kotsiriza anakayambira pangodya ya bulangete penipenipo podikira masutikesi, akupemphera kuti achedwe. Koma onani tsoka lake, tsiku lokhalo limene munthu akufuna kuti katundu achedwe, masutikesi awo ndiwo anatuluka oyamba.

Anaima patsogolo pa chitseko chagalasi chotulukira. Ngodya imodzi ya bulangete inali yobooka, kachigamba kali theka, singano ili lende, ulusi ukulowa m'chikwama.

"Pindani ngodyayo ilowe m'kati," ananong'ona a Kalaliki. "Mukamaliza kunyumba iye akagona. Kapena ndilankhule ndine, ndinene kuti ndinasokoneza masamu."

"Masamu munasokoneza inu, koma majuzi ndinalandira ndine," anayankha. "Tiyeni."

Namwino anali kutsogolo kwenikweni kwa anthu odikira, khanda lili pachifuwa. Anakuwa kuti "Amayi! Ababa!" anthu mpaka kutembenuka. Panali kukumbatirana, kulira, kuseka, a Kalaliki akufunsa mwana wa miyezi iwiri ngati akuwadziwa. Mayi Ulusi anadikira kuti phokoso litsike. Kenako anatsitsa bulangete paphewa n'kulitambasula lonse, ngodya yobookayo ili pamwamba poonekera.

"Mwanawe, sindinamalize. Ndinalonjeza lathunthu, koma ndinalandiranso ntchito za eni. Ndachita manyazi."

Namwino sanayang'ane ngodyayo. Anayendetsa chikhatho pa tizigamba, kachikasu, kotuwa, kachikasu, pang'onopang'ono. Kuseka kunali kutachoka pankhope pake.

"Linali la ndani?" anafunsa.

"Lake."

"Ayi, ndikutanthauza poyamba. Analiitanitsa ndani?"

"Palibe. Ulusi ndinakasankha ndekha, ndikuganiza iyeyu. Diso loyamba ndinaluka tsiku limene unandiimbira kuti wabadwa."

Namwino, mayi wamkulu woyang'anira wodi yonse ya odwala, analira pakati pa bwalo la ndege ngati kamwana ka sukulu, kwinaku akuseka. Anakulunga khandalo m'bulangete n'kuliika m'manja mwa agogo ake. Linali lolemera, lofunda, lonunkhira mkaka, ndipo kaphazi kake kanatulukira pangodya yobooka ija n'kuyamba kupalasa.

Mayi Ulusi anawerama kuti adule ulusi ndi mano, mwana angakodwe.

"Musadule!" anatero Namwino. "Malizani ali momwemo. Ndikufuna ndione."

"Pano? Bambo a mwanayu si akudikira panja ndi galimoto?"

"Adikire."

Anakhala pabenchi yachitsulo pafupi ndi khoma, masutikesi ali mbali, anthu akudutsa ndi tingolo tawo. A Kalaliki anagwira mpira wa ulusi. Mayi Ulusi anagoneka mdzukulu pamiyendo, kugwira kaphazi kaja n'kukapsompsona, n'kutola singano. Namwino anasendera pafupi, anatsamira mutu paphewa la amayi ake, ndipo anakoka mbali yotsala ya bulangete n'kudzifunditsa nayo m'mawondo.

Zala zimene zinathamanga tsiku lonse zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, diso limodzi, kupuma, diso lina. Panalibe amene anawauza kuti afulumire.